MAPEPALA ATATU A MAGAZI NDI ZIMENE AMANENA ZA CHIWINDI

Ine amene ndalemba nkhani iyi ndine kalaliki pa mgodi wina wa golide kuno ku Mashonaland, pakati pa mapulazi a fodya ndi chimanga. Sindine dotolo iyayi. Sukulu yanga inathera ku pulayimale ya mishoni, ndipo ntchito yanga ndiyo kulemba matikiti, masiku a tchuthi, ndi mayina a amene apita kuchipatala. Koma popeza zenera la ofesi yanga lili panjira yochokera ku kiliniki, amuna ambiri amaima pamenepo pepala lili m'manja, nati, "Mabalani, tandiwerengerani ichi, a nesi analankhula mofulumira ndipo sindinamve." Mwa njira imeneyi ndawerenga mapepala ambiri a magazi, kufikira tsiku lina pamene pepala loti ndiwerenge linali langa lomwe. Zimene madotolo ndi anesi anandiphunzitsa kuyambira tsikulo ndizo ndifuna kukugawirani lero.

IMFA YA BAMBO ANGA

Agogo anga anachoka ku Dedza m'chaka cha 1954, nabwera kuno ndi a Mthandizi kudzagwira ntchito ya fodya ku Umvukwes, kumene lero timati Mvurwi. Sanabwererenso kumudzi, anasanduka mtchona. Bambo anga anabadwira pa pulazi, inenso ndinabadwira pomwepo m'chaka cha 1997. Pamene pulaziyo inasintha manja mu 2001 tinasamuka mofulumira, ndipo mapepala athu ambiri anatayika, pamodzi ndi khadi langa la kusikelo.

Bambo anamwalira mu 2015 ali ndi zaka 49. Anali munthu wamphamvu, wosadziwa khomo la chipatala. Matenda awo anatenga miyezi itatu yokha. Anayamba kuonda, nadandaula kupweteka pansi pa nthiti za kumanja, kenaka mimba inatupa ngati ya mayi woyembekezera, maso nasanduka achikasu. Pamene tinapita nawo kuchipatala anatiuza kuti tachedwa, chiwindi chatha.

Pa komboni anthu sanakhutire ndi mawu amenewo. Anati munthu wamphamvu chotere sangafote m'miyezi itatu popanda dzanja la munthu. Chala chinaloza mayi wina wokalamba, woyandikana nafe nyumba, amene anakanganapo ndi bambo pa nkhani ya malire a dimba. Ife tinaleka kumupatsa moni, ana ake anasiya kudzapala moto kwathu, ndipo inenso, ndi manyazi ndivomera, ndinakhulupirira zomwezo zaka zisanu ndi zitatu.

CHIWINDI NDI NTCHITO YAKE

Chiwindi chili kudzanja lamanja, pansi pa nthiti. Cha munthu wamkulu chimalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka, ndipo magazi okwana ngati lita imodzi ndi theka amadutsamo pa mphindi iliyonse. Inu amene mumagwira ku pulanti mudziwa kuti mwala wochokera pansi sugulitsidwa momwe wabwereramo. Uyenera kuphwanyidwa ndi kutsukidwa, golide apite kwake, matope apite ku damu. Chiwindi ndicho pulanti ya thupi. Zimene matumbo atenga m'chakudya zimayamba zadutsa m'menemo. Chimasunga shuga woti thupi ligwiritse ntchito nthawi ya njala, chimapanga ndulu yothandiza kugaya mafuta, chimapanga zoumitsa magazi munthu akatemeka, ndiponso chimaphwanya mowa, mankhwala ndi zaululu zina kuti zituluke.

Koma chili ndi khalidwe limodzi loopsa, ndilo kusadandaula. Dzino likabooka pang'ono munthu sagona, koma chiwindi chingathe kuonongeka kwa zaka 20 kapena 30 mwini wake akudya nsima bwinobwino ndi kutsika pansi tsiku ndi tsiku. Chifukwa chake madotolo anafuna njira yochifunsira chisanathe, ndipo njirayo anaipeza m'magazi.

ALT NDI AST

Chiwindi chinamangidwa ndi tizipinda ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, totchedwa maselo. M'kati mwa maselowo muli timankhwala tam'thupi togwira ntchito, totchedwa ma enzyme. Awiri amene mudzawaona pa pepala lanu ndi ALT ndi AST. Mapepala akale amalemba SGPT ndi SGOT, koma ndi omwewo. Malo awo ndi m'kati mwa selo, monga malo a oilo ali m'kati mwa injini. Fitala akapeza oilo atadontha pansi pa kompuresa, amadziwa kuti china chang'ambika asanamasule baluti ndi limodzi lomwe. Chimodzimodzi maselo a chiwindi akavulala, ma enzyme amatayikira m'magazi, ndipo a ku labotale amatha kuwayeza.

Nzeru imeneyi si ya dzulo. M'zaka za 1954 ndi 1955 madotolo atatu a ku New York, Arthur Karmen, Felix Wróblewski ndi John LaDue, anaonetsa kuti AST imakwera m'magazi a munthu amene mtima wake wavulala. Mu 1955 momwemo Fernando De Ritis ndi anzake a ku Naples, m'dziko la Italy, anapeza kuti ma enzyme amenewa amakwera kwambiri mwa odwala kutupa kwa chiwindi, matenda amene madotolo amati hepatitis. Nthawi imeneyo tizilombo toyambitsa matendawa tinali tisanadziwike. Baruch Blumberg anafalitsa mu 1965 za chizindikiro cha m'magazi chimene pambuyo pake chinadziwika kuti ndi cha hepatitis B. Kachilombo ka hepatitis A kanaoneka mu 1973, ndipo ka hepatitis C kanapezeka mu 1989.

Pa pepala mudzaona nambala yanu, ndipo pambali pake malire a munthu wabwinobwino. Malabotale ambiri amaika malire a ALT pafupi ndi 40. Koma bungwe la zaumoyo padziko lonse, la WHO, limati kwa munthu amene ali ndi hepatitis B, ALT yopitirira 30 mwa mwamuna kapena 19 mwa mkazi iyenera kuyang'anidwa. Dziwaninso kuti ALT imakhala makamaka m'chiwindi, pamene AST imapezekanso mumtima ndi m'minofu. Motero ALT ndiyo mboni yodalirika koposa pa mlandu wa chiwindi.

Tsono mverani za mapepala atatu. Eni ake a awiri oyambawo anandilola kufotokoza, koma mayina awo sinditchula.

PEPALA LOYAMBA

Linali la mnyamata wina malayisha, wa msinkhu wanga. Anabwera maso ali chikasu, mkodzo wake, monga ananenera yekha, uli ngati tiyi wopanda mkaka. Chakudya chinkamunyansa, ngakhale fodya amene ankamukonda. ALT yake inali 1,400. Pamene ndinamuonetsa kuti malire ndi 40, anakhala pansi pa khonde, nati, "Achimwene, lemberani amayi anga kalata, ine ndapita."

Sanapite. Anali atatenga kumene hepatitis B ali wamkulu, ndipo thupi lake linali pankhondo yoopsa ndi kachilomboko. Pa nkhondo yotere maselo ambiri amasweka nthawi imodzi, ndipo ALT imatha kupitirira 1,000. Chikasu cha m'maso chimadza chifukwa cha chinthu chotchedwa bilirubin, chimene chiwindi chodwala chimalephera kutaya m'ndulu. Anapuma masabata angapo, osakhudza mowa, nambala inatsika mwezi ndi mwezi, ndipo itatha miyezi isanu ndi umodzi anamuyeza napeza kuti kachilombo kachoka. Mwa anthu 100 otenga hepatitis B ali aakulu, oposa 95 amachira chotere, ndipo chiwindi chimadzikonza chokha.

Phunziro lake ndi lakuti nambala yaikulu imanena kuti chiwindi chikuvulala lero, koma sinena kuti munthu afa. Komabe musapeputse chikasu. Wodwala chikasu akayamba kusokonezeka mutu, kugona kosadzuka msanga, kusanza kosaleka kapena kutuluka magazi, thamangirani naye kuchipatala usiku womwewo, pakuti mwa ena owerengeka chiwindi chimagonja msanga.

PEPALA LACHIWIRI

Linali la madala ena a ku jekihama, amene agwira pansi zaka zoposa 20. AST yawo inali 150, ALT 62, ndipo nambala ina yotchedwa GGT inali pamwamba ndithu. Tizilombo ta hepatitis B ndi C sanawapeze nato. Anandifunsa kuti, "Mwana wanga, a dotolo adziwa bwanji kuti ndimamwa, ine osawauza?"

Yankho lili m'kuyerekeza manambala awiriwa, monga De Ritis anafotokozera mu 1957. Pa kutupa kobwera ndi tizilombo, kawirikawiri ALT ndiyo imaposa AST. Pa chiwindi chotopa ndi mowa, AST ndiyo imaposa, nthawi zambiri kuwirikiza kawiri, ndipo GGT imakwera nayo. Madalawo ankakonda kachasu ndi masese. Za masese pali chinanso chimene madotolo a kuno ku Zimbabwe anafufuza kwambiri: mowa wofululidwa m'migolo yachitsulo umatenga chitsulo cha mgolowo, ndipo mwa ena omwa zaka zambiri chitsulocho chimaunjikana m'chiwindi ndi kuchiononga. Anapirira miyezi itatu osamwa, ndipo manambala onse anatsika. Anabwera kudzandionetsa pepala latsopano akuseka ngati mwana wakhoza mayeso.

Pano ndichenjeze anzanga a ntchito yolemetsa. Popeza AST ilinso m'minofu, munthu amene walayisha miyala usiku wonse kapena waphwanyidwa mwendo angapezeke ndi AST yokwera chiwindi chili bwino. Mankhwala a chifuwa chachikulu cha TB, chimene chimavuta ambiri a ife a m'migodi, nawonso amakweza manambalawa mwa anthu ena. Panado womwa mopitirira muyeso ndi zitsamba zina zimachitanso chomwecho. Chotero uzani a nesi zonse zimene mukumwa, ngakhale za kwa sing'anga, ndipo musaleke mankhwala a TB mwa inu nokha.

PEPALA LACHITATU

Ili ndilo langa. Mu 2023 ndinapereka magazi pamene a National Blood Service Zimbabwe anali kutolera, pakuti iwo amayeza magazi onse operekedwa kuona ngati muli HIV, hepatitis B, hepatitis C kapena chindoko. Pambuyo pake ndinauzidwa kuti m'magazi mwanga muli chizindikiro cha hepatitis B, chimene amalemba HBsAg. Ndinaseka, pakuti sindinadwalepo chikasu, ndipo Loweruka lililonse ndinkasewera mpira. Ku kiliniki ALT yanga inapezeka 71. Ndinakumbukira 1,400 ya mnyamata uja, ndinati mumtima, zanga nzochepa.

A dotolo anapukusa mutu. Anati, "Bambo, mwa inu ndi mnyamata amene mukunenayo, wofunika kumuyang'anira ndinu. Moto wa lupsa umayaka kwambiri nuzima tsiku lomwelo, koma moto wa m'chitsa umanyeka mwakachetechete mpaka mizu." Anandifotokozera kuti kachilomboka kakakhala m'thupi kupitirira miyezi isanu ndi umodzi, matendawo akhazikika. Ambiri a ife kuno ku Africa timakatenga tili makanda kapena ana aang'ono, ndipo mwa makanda 10 otenga pobadwa, pafupifupi 9 amakhala nako mpaka kukula. Chaka ndi chaka maselo amafa pang'onopang'ono, m'malo mwake mumabwera zipsera, mpaka chiwindi chimauma ndi kukhwinyata, kapena chimamera khansa.

Anandiuzanso chinthu chimene ndifuna aliyense wowerenga asunge. Injini yakale imene oilo wake watha sidonthanso kwambiri. Chiwindi chodzaza zipsera chingathe kuonetsa ALT yooneka yabwino, chifukwa maselo oti asweke atsala ochepa. Ndiponso pa hepatitis B nambala imakwera ndi kutsika, mwezi uno 35, mwezi wina 90. Motero pepala limodzi silikwanira, ndipo ALT yabwino si umboni wakuti mulibe kachilombo. Kachilombo kamayezedwa pa kokha.

Anandiyezanso itatha miyezi isanu ndi umodzi, ALT inali 84. Kenaka anachita samu imene ngakhale ife a pulayimale tingaithe, yotchedwa APRI. Amatenga AST, naigawa ndi malire ake, nachulukitsa ndi 100, nagawanso ndi nambala ya ma platelet, tinthu ta m'magazi tothandiza kuumitsa bala, timene timachepa chiwindi chikamauma. AST yanga inali 52, malire 40, ma platelet 190. Kugawa 52 ndi 40 kupereka 1.3. Kuchulukitsa ndi 100 kupereka 130. Kugawa 130 ndi 190 kupereka pafupifupi 0.7. Malangizo a WHO a mu March 2024 amati munthu wa hepatitis B amene APRI yake yapitirira 0.5 ayambe mankhwala, ndipo ikapitirira 1.0 pamakhala mantha akuti chiwindi chauma kale. Malangizo omwewo amati kumene kulibe makina owerengera kuchuluka kwa kachilombo m'magazi, ALT yopezeka yokwera kawiri m'kati mwa miyezi 6 kufikira 12 ndi chifukwa chokwanira choyambira mankhwala. Zimenezi ndi zothandiza kwa ife okhala kutali ndi zipatala zazikulu za ku Harare, pakuti AST, ALT ndi ma platelet ndi zoyeza wamba zimene sizifuna makina odula.

Asanandipatse mankhwala anandiyeza HIV ndi impso. Ndinayamba tenofovir mu 2024, piritsi limodzi pa tsiku, ndipo mu 2025 ALT yanga inatsika kufika 27. Mankhwalawa sachotsa kachilombo kotheratu, koma amakagoneka pansi kuti chiwindi chipume. Tenofovir yemweyu alinso m'ma ARV amene ambiri amamwa. Chifukwa chake munthu amene ali ndi HIV pamodzi ndi hepatitis B akaleka ma ARV mwadzidzidzi, chiwindi chingathe kutupa koopsa. Hepatitis C ndi yosiyana, pakuti mapiritsi a masabata 12 amachiza oposa 95 mwa anthu 100.

MATENDA AKALE A M'MIGODI

Musaganize kuti awa ndi matenda achilendo. Madotolo a ku migodi ya ku Joni anadabwa kalekale poona anyamata a zaka 25 kapena 30 akufa ndi khansa ya chiwindi, imene ku Ulaya inali yosowa. Mmodzi wa iwo, Charles Berman, analemba buku la nkhani imeneyi mu 1951. Pamene ofufuza ena anawerenga odwala khansa pakati pa anthu a m'migodi ya golide ya ku South Africa a zaka za 1964 kufikira 1971, anapeza kuti oposa theka inali khansa ya chiwindi, ndipo ochuluka anali amuna ochokera ku Mozambique. Chifukwa chake chinaoneka poyera mu 1981, pamene Palmer Beasley ndi anzake, atatsatira amuna oposa 22,000 ku Taiwan, anaonetsa kuti khansa imeneyi imagwera makamaka amene ali ndi hepatitis B.

WHO inawerenga kuti mu 2022 anthu 254 miliyoni padziko lonse anali ndi hepatitis B yokhazikika, 65 miliyoni mwa iwo m'chigawo cha Africa, ndipo anthu 1.3 miliyoni anafa chaka chimenecho ndi hepatitis B ndi C. Ambiri mwa odwalawo sanali kudziwa kuti ali nayo.

Ife a m'mapulazi tili ndi adani ena awiri othandiza kachilomboka. Woyamba ndi chuku cha m'chimanga ndi mtedza wosungidwa ponyowa, chimene chimapanga ululu wotchedwa aflatoxin. Ululuwu unadziwika pambuyo pa 1960, chaka chimene nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya cha mtedza wachuku. Munthu wa hepatitis B akamadya zachuku, ngozi ya khansa imachuluka kwambiri. Chimanga chowola musachigayitse, ndipo musachisandutse mowa. Wachiwiri ndi likodzo la m'matumbo lotengedwa m'madamu a pa pulazi. Limeneli limaumitsa njira za magazi m'chiwindi pamene ALT ikuoneka yabwino, koma lili ndi mankhwala ake, praziquantel.

MMENE KAMAFALIKIRA

Hepatitis A ndi E zimadza ndi madzi ndi chakudya chodetsedwa ndi chimbudzi, choncho mankhwala ake ndi chimbudzi chabwino, madzi owiritsa ndi kusamba m'manja. Hepatitis B imayenda m'magazi ndi m'madzi a m'thupi: kuchokera kwa mayi kupita kwa mwana pobadwa, pakati pa ana aang'ono kudzera m'zilonda, pogonana, pobwerekana lezala kapena mswachi, pobayidwa ndi singano yogwiritsidwa kale, ndi potema mphini kapena kudula anyamata ndi mpeni umodzi. Kachilomboka kamatha kukhala ndi moyo m'magazi ouma pa lezala kwa masiku 7. Ine ndikumbukira tili ana, anayi tonse tinatemedwa mphini ndi lezala limodzi.

Koma sikafalikira podyera mbale imodzi, pomwera chikho chimodzi, pogwirana chanza, potsokomola kapena pokwera kheji limodzi. Musamuthawe mnzanu wa hepatitis B, ndipo iye asaope kuti ntchito yamuthera. Ine sindinajombe ndi tsiku limodzi lomwe chifukwa cha matendawa.

Katemera alipo, ndipo ndi wamphamvu. Katemera wa ana woteteza matenda asanu pamodzi, amene hepatitis B ili m'gulu lake, anayamba ku Malawi mu 2002 ndipo kuno ku Zimbabwe mu 2008. WHO imalangizanso kuti mwana alandire katemera woyamba wa hepatitis B asanathe maola 24 chibadwire. Akulu amene alibe kachilombo angathenso kubayitsa, majekiseni atatu.

KUUZA ABALE

Kumwa piritsi sikunandivute. Chondivuta chinali kutsegula pakamwa. Nthawi imeneyo ankhoswe anali atayamba kale kukambirana za ukwati wanga, ndipo ndinasunga pepala m'thumba masabata atatu ndikuopa kuti mtsikanayo andikana. Koma akulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Nditamuuza anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anati, "Mukanandibisira, ndikanamva kwa ena, pamenepo ndiye ndikanakusiyani. Mawa tipite tonse." Anapezeka alibe, analandira majekiseni ake atatu, ndipo tinakwatirana mu 2025.

A dotolo atamva za imfa ya bambo anandilamula kuti abale onse ayezedwe, ndipo kuti ine ndizijambulitsa chiwindi miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, monga ayenera kuchitira aliyense wa hepatitis B amene mbale wake anafa ndi khansa ya chiwindi. Amayi anapezeka alibe. Koma bambo aang'ono, mng'ono wawo wa malemu, anapezeka nako, ndiponso achemwali anga aakulu, amene anali ndi pakati. Achemwali anapatsidwa tenofovir m'miyezi yotsiriza ya pathupi, anachirira kuchipatala, ndipo tinali titakonzeratu ndi a nesi kuti mwana abayidwe tsiku lomwe wabadwa. Atamuyeza ali ndi chaka chimodzi, mwanayo anapezeka alibe kachilombo.

Pamene mapepala onsewa anali pa tebulo, a dotolo anati, "Munthu wa zaka 49 amene wafa ndi chotupa cha chiwindi, mng'ono wake ndi ana ake awiri ali ndi hepatitis B, mfiti yake musaifune kutali. Inali m'magazi mwake kuyambira ubwana." Usiku umenewo sindinagone. Ndinaganiza za mayi wokalamba uja.

Pa Khirisimasi ya 2025 ndinapita ndi amayi ndi malume ku komboni yakale, titanyamula nkhuku ndi shuga. Tinampeza akusenda chimanga pakhonde, maso atayamba kuchita khungu. Malume anagwada nalankhula m'malo mwa banja lonse, ndipo ine ndinafotokoza za mapepala monga ndafotokozera inu. Anamvetsera mpaka kumapeto, nati, "Mdzukulu wanga, zaka khumi ndakhala ndikutunga madzi ndekha nthawi imene pa mjigo palibe anthu. Nkhukuyo ndilandira. Koma mawu amenewa ukawanene pamene anthu ali ambiri, monga ananenera enawo." Tinaitana a pa komboni Lamulungu lotsatira, ndipo ndinawanena. Nkhani inonso ndailemba pokwaniritsa pempho lake.

MALANGIZO ANGA KWA INU

1. Yezetsani hepatitis B ngakhale kamodzi pa moyo wanu, makamaka ngati m'banja mwanu munafa munthu ndi mimba yotupa ndi maso achikasu. Funsani ku kiliniki ya pa mgodi, ku zipatala za mishoni monga Howard ku Chiweshe ndi Karanda ku Mount Darwin, kapena ku zipatala za boma za ku Bindura, Chinhoyi ndi Marondera.

2. Mukapezeka nako, yezetsani ALT, AST ndi ma platelet kosachepera kamodzi pa chaka, ngakhale mukumva bwino, ndipo pemphani a nesi akuwerengereni APRI.

3. Sungani mapepala onse m'pulasitiki pamodzi ndi chitupa chanu. Ife timasamuka migodi ndi mayiko, ndipo dotolo watsopano afuna kuona manambala akale kuti adziwe kumene matenda akulowera.

4. Nambala yaikulu isakuphetseni ndi mantha, ndipo nambala yaing'ono isakunyengeni.

5. Amene chiwindi chake chili ndi kachilombo asiye mowa, asadye zachuku, ndipo asamwe zitsamba zoti nzotsuka chiwindi.

6. Mukayamba mankhwala musaleke popanda mawu a dotolo. Popita kumudzi pa tchuthi nyamulani okwanira ulendo wonse.

7. Uzani akazi anu, yezetsani ana anu, ndipo mayi woyembekezera ayezedwe msanga. Aliyense akhale ndi lezala lake.

Tsiku la 28 July chaka chilichonse dziko lonse limakumbukira matenda amenewa, pakuti ndilo tsiku lobadwa la Baruch Blumberg. Koma inu musadikire July. Amene sadziwa kuwerenga, mnzake amuwerengere nkhani iyi madzulo ku komboni, ndipo amene ali ndi pepala limene sakulimva abwerere nalo kwa a nesi akafunsenso, pakuti safunsa anadya phula.

Tsalani bwino nonse, ndipo mutsike ndi kutuluka pansi mwamtendere.

Ine wanu,
Kalaliki wa pa Mgodi,
Mashonaland Central.